Usilikali simuuthawa, koma nyengo musankhe nokha: mungalowe iti?

Mphatso (Area 25): Akuluakulu, gulu lazizira kwambiri masiku ano, ndiye ndabwera ndi funso. Tiyerekeze kuti akuuzani kuti usilikali simuuthawa, koma akupatsani ufulu wosankha nyengo yoti mukagwiremo ntchitoyo. Kaya nthawi ya makolo, ya atsamunda, ya Kamuzu, ya lero, ngakhale ya m'tsogolo. Mungasankhe iti? Munene ndi chifukwa chomwe. Lamulo ndi limodzi: palibe woyambira pa ujenerali, aliyense akulowa ngati munthu wamba.

Mngoni wa ku Mchesi: Funso lophweka ili. Ine mundibwezere kwa makolo anga. Chishango kumanzere, nthungo ndi chibonga kumanja, nthenga kumutu. Nthawi imeneyo mwamuna ankaonekera pamaso pa mnzake, osati zobisala m'maenje ndi kuomberana ndi munthu yemwe nkhope yake sukuiona n'komwe. Ndikadakhala m'gulu lija lidaoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835, tsiku lomwe kadamsana adadetsa dziko masanasana.

Aphunzitsi a ku Likuni: Achimwene, inu kwanu si ku Ntcheu kodi? Ndiye ndinu a kwa Maseko, ndipo a Maseko adaoloka paokha, sadali pa ulendo wa Zwangendaba. A Zwangendaba ndi aja zidzukulu zawo zili kwa M'mbelwa ku Mzimba ndi kwa Mpezeni ku Chipata. Komanso musankhe bwino chaka. Mukachedwa pang'ono mukafikira mu 1896, pomwe asilikali a Angelezi adagwira Inkosi Gomani Woyamba ndi kumupha. Apo chishango cha chikopa chinali chitakumana ndi mfuti.

Mngoni wa ku Mchesi: Aphunzitsi, mayeso tidalemba kalekale, tisiyeni tipume. Mtsinje ndi womwewo, tonse tidaoloka.

Nachisale: Inu mukunyadira chishango, ife a kuno ku Lilongwe ndi ku Dedza agogo athu ankatiuza mbali inayo. Kumva kuti nkhondo ikubwera, mudzi wonse kuthawira kuphiri kapena m'linga, nkhokwe kuzisiya, mwana wolira kumutseka pakamwa. Ogwidwa ankatengedwa, anyamata n'kuwasandutsa ankhondo, atsikana n'kuwakwatira. Ndiye a Mngoni, mwina gogo wanu weniweni anali Mchewa wogwidwa, n'chifukwa chake lero mukulemba Chichewa pano, Chingoni chake mudachisiya pa "bayethe".

Mngoni wa ku Mchesi: Alamu, izi tikambirana ku Umhlangano, mudzabwere ndi mowa.

Malume Phiri: Ine ndisankha Keyala, gulu la asilikali a atsamunda lija la King's African Rifles, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Chifukwa changa ndi bambo anga omwe. Iwo adalembedwa ku Zomba ali mnyamata woti sadaonepo ngakhale nyanja ya Malawi, koma adakwera sitima ya pamadzi mpaka ku Ceylon, kenako ku Burma mu 1944. Ankatisimbira za chigwa cha Kabaw: mvula yosakata, matope ofika m'mawondo, malungo, ndi misundu yomwe inkalowa mpaka m'jombo. Usiku ukavula, mwendo uli magazi okhaokha, misundu yatupa. Ankati ankaichotsa poiotcha ndi ndudu, chifukwa ukaizula ndi dzanja pamatsala bala lomwe limasanduka chilonda. Atabwerako adagula njinga ndi makina osokera, ndipo khonde lawo ndi lomwe lidatiphunzitsa sukulu tonse. Munthu uja ankadziwa Chiswahili, ankadziwa kuyendetsa galimoto, pamudzi ponse nkhani zikavuta ankati kaitaneni a Keyala. Ine ndikadakonda kuona zomwe maso awo adaona.

Mayi a Chisomo: Malume, nanga anzawo omwe adapita nawo, onse adabwerako ndi makina osokera?

Malume Phiri: Ayi mwanawe, ambiri adatsala komweko. Ndipo ngakhale bambowo, mvula ya ziphaliwali ikayamba usiku ankadzuka n'kukhala pansi pakona mpaka kucha. Ife ana tinkaseka.

Aphunzitsi a ku Likuni: Pa za Keyala ndiloleni nditalikitseko, chifukwa apa ndi pomwe funso la Mphatso lili ndi msampha. Gulu la King's African Rifles lidakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a kuno ku Nyasaland. Ngakhale dzinali lisanabwere, anyamata athu anali atakamenya kale nkhondo ya Ashanti ku Gold Coast mu 1900, kenako adawatumiza ku Somaliland. Pa nkhondo yachiwiri adamenyana ndi Ataliyana ku Moyale mu 1940, n'chifukwa chake ku Mzuzu kuli Moyale Barracks. Adapita ku Abyssinia, ku Madagascar mu 1942, ku Burma, ndipo m'zaka za m'ma 1950 adakafika ku Malaya. Mbiri ya kulimba mtima ilipo, palibe angaikane.

Koma Mphatso wati tikulowa ngati anthu wamba. Tsono taonani nkhondo yoyamba ija, ya 1914 mpaka 1918, yomwe agogo ankaitcha ya chiwaya. Omwe adavala yunifolomu kuno anali pafupifupi 19,000. Omwe adagwira ya mtengatenga anali pafupifupi 200,000. Ndiye mukatseka maso n'kulowa m'nyengo imeneyo, mwayi waukulu ndi woti simukagwira mfuti ayi. Mukasenza bokosi la zipolopolo kapena thumba la ufa loposa makilogalamu 20, wapansi, kuchokera kumpoto kwa nyanja kukwera mapiri a ku Tanganyika, kuthamangitsa Mjeremani von Lettow-Vorbeck yemwe sadagwidwe mpaka nkhondo kutha. Adadzipereka yekha ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918. Amtengatenga ambiri sankafa ndi chipolopolo. Inkawamaliza ndi njala, kamwazi ndi chibayo, ndipo otsalawo pobwerera kwawo adakumana ndi chimfine chija cha 1918. Ambirinso sadapite mwa kufuna kwawo, ankachita kugwidwa m'midzi kudzera kwa mafumu.

Yamikani: Eee aphunzitsi, mwatiphera maloto. Ine ndimaganiza za nkhondo ya pa Karonga ija, ndili pambali pa mzinga.

Aphunzitsi a ku Likuni: Ya pa Karonga idachitika pa 9 Sepitembala 1914, ndipo manda ake alipo mpaka lero. Mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho sitima ya Guendolen inali itaombera kale sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhaven, tsidya la nyanja. Koma iwe Yamikani, pa zonsezi udindo wako ukadathera pa usajeni-meja basi, ngakhale ukadakhala wanzeru chotani. Maofesala onse anali azungu. Ukalakwa, chikoti.

Bambo a Tadala: N'chifukwa chake ine ngati ndi nyengo imeneyo, ndikupita kwa Chilembwe ku Mbombwe. Mkulu uja adaona msanga. Nkhondo itangoyamba adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kunena kuti olemera, eni masitolo ndi eni minda ndiwo apite akaomberedwe, m'malo motenga amphawi omwe akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Pa 23 Januwale 1915 adadzuka. Kufa n'kufa, bola ufere chako.

Mayi a Chisomo: Koma mukudziwa kuti sipadathe ngakhale milungu iwiri? Pofika pa 3 Febuluwale anali ataphedwa, tchalitchi chake n'kugwetsedwa, omutsatira ambiri n'kunyongedwa kapena kuomberedwa. Inu Bambo a Tadala amene mumadandaula minibasi ikachedwa pa depoti?

Bambo a Tadala: Mayi, lero nkhope yake ili pa K2000. Ya sajeni uti wa Keyala ili pa ndalama?

Malume Phiri: Apo mwalasa, koma musanyoze. Chipilala chili ku Zomba chija, ndi china chili kuno pafupi ndi Capital Hill, n'cha anthu amenewo. Ndipo mganda womwe mumavina pa Khirisimasi uja, mizere ija, malipenga a zikho aja, zovala zoyera zija, mukuganiza zidachokera kuti? Ndi perete wa asilikali ameneyo. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi beni wa ku Mangochi chimodzimodzi.

Nachisale: Poti mwatchula Nkhata Bay, wina ayankhe ichi. Pa 3 Malichi 1959, omwe adaombera anthu pa doko paja, anthu atasonkhana kufuna kuti abale awo omangidwa atsitsidwe m'sitima ya Mpasa, sanali asilikali a boma la atsamunda lomwelo lomwe Keyala ankalitumikira? Wosankha Keyala adziwe kuti tsiku limenelo likhoza kumupeza ali pamzere, chala chili pa mfuti, kutsogolo kwake kuli anthu a mtundu wake.

Mphatso (Area 25): Gulu lati zii. A Sajeni, tikukuonani kuti mukuwerenga. Inu nokha ndi amene mudavalapo jombo pano, tiyankhuleni.

Sajeni Wopuma: Ndimati ndimve kaye ana akusewera nkhondo. Mayi Nachisale afunsa funso lenileni. Msilikali sasankha komwe mfuti iloze, amauzidwa. Ndiye posankha nyengo, musayang'ane kukongola kwa yunifolomu kapena ukulu wa mfuti. Yang'anani amene akulamula, ndi amene akuti mukamuombere.

Ine ndidagwirako ku njanji ya Nacala. Achinyamata ambiri sadziwa kuti kuyambira 1987 asilikali a Malawi anali mkati mwa Mozambique kulondera njanji imeneyo kwa zigawenga za Renamo. Njira za ku Beira ndi ku Nacala zitatsekeka ndi nkhondo, katundu wathu ankazungulira mpaka ku Durban, mtengo wa feteleza ndi mafuta n'kukwera. Ndiye tinkalowera pa Nayuchi kupita cha ku Cuamba. Sitima inkayenda pang'onopang'ono moti munthu wapansi akhoza kuipitirira, ife maso ali pa njanji, kuyang'ana pomwe dothi laoneka lachilendo kapena pomwe miyala yasunthidwa, poti pamenepo pakhoza kukhala bomba lokwirira. Udzu wautali mbali zonse. Chomwe chinkaopsa kwambiri si kulira kwa mfuti ayi, koma mbalame zikangosiya kulira. Anzathu ena adabwerako m'mabokosi, ndipo nthawi imeneyo nkhani zotere sizinkamveka pa wailesi. Mtendere wa ku Mozambique udasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992.

Koma mukandifunsa kuti ndibwerere liti, ndinena Disembala 1993.

Yamikani: Bwezani!

Sajeni Wopuma: Eya. Apayoniya, gulu lija la achinyamata la Kamuzu lomwe linali ndi zida, atapha asilikali awiri ku Mzuzu pa 1 Disembala, zinthu zidafika posauzana. Kumbukirani kuti anthu anali atavota kale pa riferendamu ya pa 14 Juni kuti akufuna zipani zambiri, ndipo nkhani yolanda zida apayoniya inali itakambidwa koma sinkayenda. Kamuzu anali akuchira opaleshoni ya m'mutu yomwe adachitidwa ku Johannesburg, dziko likuyendetsedwa ndi khonsolo ya anthu atatu yotsogozedwa ndi Gwanda Chakuamba. Pa 3 Disembala asilikali adatuluka kukalanda zida apayoniya, ntchito yomwe idatchedwa Bwezani. Chomwe ndimanyadira si kuombera kuja ayi. N'choti titamaliza tidabwerera ku baraki. Boma linali lofooka, msewu wopita ku Capital Hill unali pululu, m'maiko ena a mu Africa muno tsiku lomwelo msilikali akadalankhula pa wailesi kuti watenga dziko. Ife ayi. Pa 17 Meyi 1994 anthu adakavota okha.

Mayi a Chisomo: Tsiku limenelo ndimalikumbuka, ndinali Sitandade 6. Tidamva kuphulika cha ku Youth House, amayi n'kutilowetsa kunsi kwa bedi ine ndi mng'ono wanga, pamodzi ndi poto wa nyemba yemwe anali m'manja mwawo, osadziwa n'komwe kuti amunyamula. Madzulo ake anthu anali mumsewu kuimbira manja magalimoto a asilikali. Amalume anga ena anali mpayoniya wa ku ulimi chabe, wosadziwa ndi mfuti yomwe, koma adavula yunifolomu n'kuikwirira kumunda, miyezi ingapo osagona pakhomo.

Bambo a Tadala: Ndi zomwe anthu amaiwala zimenezo. Si mpayoniya aliyense anali wokwapula anthu pa nkhani ya makadi a chipani. Ena adalowa kuti aphunzire ukalipentala ndi ulimi. Komanso Bwezani idapha anthu, ena osalakwa, ndipo apayoniya ambiri adathawira ku Mozambique. Tisamaikambe ngati mpira womwe tidawina.

Sajeni Wopuma: Sindikutsutsani bambo. Palibe tsiku la mfuti lomwe limakhala loyera.

Nachisale: Tsono ine funso lanuli landipatsa mwayi wochepa. Nyengo zonse mwatchulazi, mkazi ntchito yake inali kuthawa ndi ana, kusinja ufa wa ankhondo, kapena kudikira kalata. Asilikali aakazi kuno adayamba kulembedwa cha m'ma 1999. Ndiye ine ndilowa ya lero, ndipo ndikufuna 2019 ndi 2020. Ndidaona ndi maso anga pa zionetsero zija, anthu akuchokera pa Community Ground kulowera ku Capital Hill, asilikali akuyenda m'mbali mwawo, wina wamkazi mfuti pachifuwa nkhope ili gwa, mayi wina wogulitsa madzi akumuyenda pafupi ngati mlonda wake. Jenerali Vincent Nundwe adachotsedwa pa udindo mu Malichi 2020, koma chisankho chobwereza cha pa 23 Juni chidachitika ndithu.

Aphunzitsi a ku Likuni: Muonjezerepo Epulo 2012. Bingu atamwalira pa 5, panali ena ofuna kuzemba malamulo kuti Joyce Banda asalowe. Jenerali Henry Odillo adaima pa malamulo a dziko, ndipo pa 7 mayi aja adalumbira. Mukaganiza kuti mpaka 1972 mkulu wa asilikali athu anali mzungu, Graciano Matewere ndiye Mmalawi woyamba, ulendo wake ndi wautali ndithu.

Mngoni wa ku Mchesi: Zonsezo n'zabwino, koma tinene zoona, mnyamata wa lero akamalota usilikali amalota ku Congo. Alawansi ya madola, kubwerako n'kugula poloti ku Area 49 kapena ku Chitedze, kaminibasi pamwamba. Ndikanama?

Sajeni Wopuma: Simukunama, ndipo palibe cholakwika munthu kufuna nyumba. Koma linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Ku Congo si kokatola ndalama. Gulu lomwe Malawi idalowa mu 2013 pamodzi ndi South Africa ndi Tanzania silinali longoyang'anira mtendere, lidapatsidwa mphamvu zokamenya, ndipo chaka chomwecho lidathandiza kugonjetsa zigawenga za M23. Mu Novembala 2018 tidataya anyamata asanu ndi mmodzi kufupi ndi Beni polimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo ndi Chancy Chitete, yemwe adatuluka pobisala kukakoka msilikali wa ku Tanzania wovulala, n'kumupulumutsa, iye n'kuomberedwa. Mu 2019 bungwe la United Nations lidamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yomwe ndi yapamwamba kwambiri kwa osungitsa mtendere, ndipo adakalandira ndi mkazi wake ku New York. Mu Januwale 2025 tidatayanso ena atatu pomwe M23 yomweyo inkalowa mu Goma.

Bambo a Tadala: Ndiye funso la Chilembwe lija silidakalipo? Mwana wa mlimi wa ku Mitundu akukafera chiyani ku Kivu?

Sajeni Wopuma: Kusiyana kulipo. Uyu palibe mfumu idamugwira usiku, adalemba yekha kalata, ndipo womulamula ndi Mmalawi mnzake. Komanso moto ukabuka kwa mnansi umapita ndi ndowa. Anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi adathawira kuno, ndipo pa Dzaleka pompa pali anthu a ku Congo ambirimbiri.

Bambo a Tadala: Adalemba yekha, inde, koma adamulembetsa ndi ulova. Nthawi ya atsamunda ankathawa msonkho, lero akuthawa kukhala pa shopu ndi satifiketi m'thumba. Pamenepa sitigwirizana a Sajeni, ngakhale ulemu wanu ndikukupatsani.

Yamikani: Akuluakulu, nonse mukuyang'ana kumbuyo. Ine mundiike mu 2060. Ndili m'chipinda chozizira bwino ku Kamuzu Barracks, kompyuta patsogolo, ndikuulutsa ma drone, tiyi pambali. Palibe misundu, palibe matuza kumapazi. Taonani ku Ukraine kuyambira 2022, ka drone kotchipa kakuphwasula thanki ya ndalama zankhaninkhani. Ndipo ife sitili kutali, ku Kasungu kudatsegulidwa malo oyesera ma drone mu 2017, ndipo sukulu yake idayambira muno mu Lilongwe mu 2020.

Mayi a Chisomo: Nkhondo ili mkati, bandulo yatha.

Mngoni wa ku Mchesi: Kapena jenereta yazima, dizilo tikumudikira pa mzere ku Kanengo 😂

Sajeni Wopuma: Mwana wanga Yamikani, drone yomwe ukuinenayo mdani nayenso ali nayo, ndipo woyamba kusakidwa ndi woiulutsa. Ife tinkati ukalowa m'dzenje kapena pansi pa mtengo wapuma. Anyamata a ku Ukraine alibe pobisala, usana ndi usiku chinthu chikulira pamwamba. Nyengo imeneyo ine sindikuifuna ngakhale mutandilipira kawiri.

Nachisale: Ine ndikuona kuti msilikali wa m'tsogolo kuno adzagwira fosholo kuposa mfuti. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndani ankafukula anthu m'matope ku Chilobwe ndi kuolotsa ena pa maboti ku Nsanje? Ndipo mukukumbuka kuti asilikali adatumizidwapo ku Dzalanyama kukaletsa ootcha makala, poti mtsinje wa Lilongwe womwe timamwa tonsefe umachokera kumeneko? Madandaulo adalipo oti ena ankamenyedwa. Ndiye taganiza, Yamikani, 2060 yakoyo ukhoza kukapezeka ukuthamangitsa msuweni wako yemwe wanyamula matumba atatu a makala panjinga, pomwe kwanu mbaula ikuyaka ndi makala omwewo.

Yamikani: Anti, mwandibwezera m'matope momwe ndimathawa muja.

Mphatso (Area 25): Ine mwini funso sindinayankhe. Ndikulowa ya lero, koma ku bandi. Lipenga pakamwa, pa 6 Julayi ndili kutsogolo, anthu akuimba nthungululu.

Malume Phiri: Wa bandi naye amayamba wathamanga ku Salima, mphwanga. Mimba imeneyo ikatsala pa geti la MAFCO, sukulu ya asilikali ija.

Yamikani: Koma zoona a Sajeni, mng'ono wanga wamaliza Fomu 4 ndipo nkhani yake ndi yomweyi usiku ndi usana. Pali munthu wina wamuuza kuti apereke kenakake kuti dzina lake lilowe pa mndandanda. Timuuze chiyani?

Sajeni Wopuma: Asapereke ngakhale tambala, ameneyo ndi wakuba. Usilikali sagula. Adikire chilengezo chenicheni, asunge bwino satifiketi yake ya MSCE ndi chiphaso cha unzika, ndipo ayambe kuthamanga m'mawa uliwonse kuyambira mawa, asadikire kuitanidwa. Fodya ndi kachasu asiye. Loweruka ubwere naye kuno ku Kawale ndidzamuone mapazi ndi mano, ndimufunsenso ngati amayi ake avomera.